Azakhali Anga Ankatsegula Belo Pakati

Loweruka lapitali tinamanga chiliza pamanda a azakhali anga aNambewe, chaka chitakwana chimwalirireni. Simenti isanaume, mkangano unabuka wa mawu oti alembedwe pamwamba. Achimwene anga ankafuna dzina lokha. Ine ndinati tiwonjezere kuti malemuwa analemba buku. Achimwene anandiyang'ana ngati ndatukwana pamanda, nati buku limenelo linatichititsa manyazi mokwanira azakhali ali moyo, lisatitsatirenso kuno. Mmisiri anaima ndi msomali m'manja akudikira, simenti ikuuma. Pamapeto pake analemba dzina lokha. Zimene zinakanika kulowa pachiliza ndi zimene ndikulemba pano.

Azakhali anali mlongo wamkulu wa bambo anga. Anali wamfupi, wamawu aakulu, ndipo magalasi awo anali omangidwa ndi ulusi wosokera masaka. Zala zawo zinada ndi phula la fodya mpaka ukalamba, ngakhale iwo sanasutepo kapena kununkhiza. Kwa zaka zambiri ankasankha fodya m'shedi ya esiteti ina ya njira ya ku Chulu. Amene sanalimepo fodya wa bale mwina sadziwa chinyengo china chakale cha ntchitoyi. Munthu akamadinda belo pa jeke, makina opanikizira fodya, amayala masamba okongola pansi ndi pamwamba, koma pakati amabisapo owola, akuda, nthawi zina ndi mapesi omwe. Belo likasokedwa limaoneka loyera mtima ngati munthu wochokera ku ubatizo. Azakhali sankataya nthawi ndi pamwamba. Ankapisa dzanja mpaka m'chigongono, kusolola ndindi, kamtolo ka masamba, ya pakati penipeni, n'kuiunika padzuwa.

Dzanja limenelo silinapume ngakhale atasiya ntchito. Thumba la mtedza ankalipisa pakati. Mtolo wa kaunjika pamsika ankauyambira pansi, ogulitsa mpaka kumawathawa. Baibulo nalo ankalitsegula pakati. Ankakonda kunena kuti munthu wongowerenga tsamba loyamba ndi lomaliza amadziwa munda wokongola uja ndi mzinda wagolide uja, koma anthu sawadziwa, chifukwa anthu ali m'masamba a pakati, pamodzi ndi magazi awo ndi mabodza awo, ndipo Mulungu sanachite manyazi kuwalemba.

Ankakangana ndi aliyense. Anakangana ndi akwaya kuti amakoka nyimbo ngati ng'ombe zokoka ngolo m'matope. Anakangana ndi ine chifukwa chophunzitsa ana a Sande sukulu nkhani ya chigumula n'kuimira pa utawaleza, osafika pamene mkulu wa chombo uja analedzera. Koma pa Lamulungu la mgonero munthuyo ankasanduka wina. Sankadya kanthu m'mawa, sankayankha aliyense panjira. Khadi lawo la mgonero ankalisunga m'kansalu koyera, ndipo kuyambira utsikana wawo sanaphonyepo ngakhale kamodzi. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe kulemera kwa chimene anadzataya.

Amuna awo, a Yonamu, anali mkulu wa mpingo komanso kapitawo pa esiteti yomweyo. Akamapemphera, amayi a mumpingo ankalira. A Yonamu ndi amene ankanyamula zikho za mgonero, atavala shati yoyera imene azakhali ankasita ndi makala. Iwonso ndi amene ankasunga kiyi wa nkhokwe ya phoso, chimanga chija amagawira matenanti poyembekezera kuti fodya ache. Lolemba ankapalasa njinga kupita ku esiteti, Lachisanu n'kubwerera. Mudzi wonse unkadziwa kuti pakati pa masiku amenewa panali khomo lina, la mayi Felesiya, tenanti wochokera kummwera amene mwamuna wake anamuthawa. Tonse tinkadziwa, ndipo tonse tinkati ameni a Yonamu akamaliza pemphero.

Pamaliro a a Yonamu, mayi Felesiya anakhala kutali, pansi pa mtengo wa mthethe, ndi ana awo aakazi atatu, onse ndi mphumi ya malemuyo. Mlembi wa mpingo, a Jere, anaimirira kuwerenga mbiri ya malemu monga mwa mwambo. Anawerenga za ubatizo, za ukwati woyera, za zaka za ukulu wa mpingo. Atafika ponena kuti malemu asiya mkazi mmodzi ndi ana anayi, mawu anatuluka pamphasa ya namfedwa.

"Asanu ndi awiri."

A Jere anatsokomola, nabwereza kuti ana anayi.

"Asanu ndi awiri, a Jere. Atatu ali apo pamthethe. Awerengeni."

Akwaya anayambitsa nyimbo mwamsanga. Anthu anati ndi chisoni, mutu wa namfedwa sukoka bwino. Sanadziwe kuti dzanja lija linali litayamba kale kupisa.

Madzinja awiri otsatira, azakhali ankakhala pa chigafa chakale cha kuseri kwa nyumba yawo, m'mawa uliwonse akatha kusesa, akulemba m'makope a ana a sukulu. Atamva kuti aNambewe akulemba buku, amayi a mumpingo anakondwa. Ena ankaganiza kuti ndi la mapemphero a amayi amasiye, ena malangizo a atsikana. Mayi wa zaka zimenezo, wovala yunifolomu yoyera Lachinayi lililonse, angalembenso chiyani? Makope atakwana asanu ndi limodzi, anandituma ku boma kukatayipitsa ndi kufotokopa. Mutu wake unali *Pakati pa Belo*. Inali nthano yaitali ya munthu wotchedwa Chikuse, mkulu wa mpingo wa makomo awiri. Maina anasintha, mudzi anasintha, koma njinga inali yomweyo.

Amayi a mumpingo anandipempha kuti ndiziwawerengera Lachinayi lililonse mapemphero akatha, popeza ambiri maso anali atafooka. Mitu itatu yoyamba inayenda bwino, amayi ankaseka pozindikira anthu. Mutu wachinayi ndi umene unaswa gulu. M'mutu umenewo Chikuse akuitana mkazi wa tenanti ku chigafa dzuwa lili paliwombo, mwana wa mkaziyo atagona ndi njala masiku awiri, kiyi wa nkhokwe ali m'thumba la Chikuse. Azakhali sanatchule ziwalo za thupi, koma sanatsekenso chitseko kuti owerenga apume. Analemba mmene Chikuse anavulira shati yake yoyera, kuipinda bwinobwino n'kuipachika pa mtanda kuti isade. Analemba phokoso la masamba ouma pamwamba pawo. Analemba kuti mkaziyo ankawerenga mizati ya chigafa kuti asamve chimene chinkachitika, ndipo atatha anasenza chitini cha chimanga, mwana nadya tsiku limenelo.

Ndinapitiriza kuwerenga. Amayi busa anaimirira, nati zakwana, m'nyumba ya Mulungu simuwerengedwa zonyansa. Amayi angapo anatuluka nawo. Koma mayi wina wokalamba, amene anabwera kuno ali tenanti kalekale, ananena osadzutsa mutu, "Pitirizani, mwanangu. Sizinathere pomwepo."

Kuyambira sabata imeneyo khonde la azakhali silinasowe alendo, ndipo aliyense ankabwera ndi buku lake limene akadakonda kuti alembe. Ambiri mutu wachinayi akadaupirira. Chimene chinawapweteka ndi mathero. M'bukumo Chikuse amafa ali nkhalamba, pabedi lake, akwaya akuimba, osaulula kanthu. Aphunzitsi ena opuma anafotokoza mwaulemu kuti nthano yachikhristu iyenera kusonyeza malipiro a tchimo, choncho Chikuse agwidwe ndi matenda aakulu, alape misozi ili chuchuchu. Wina ankafuna njoka m'chigafa. Wina ngozi ya thirakitala. Mlamu wa azakhali anapempha mphezi. Azakhali anamuyankha kuti mphezi sasunga m'nyumba mwawo, mwini wake alipo, ndipo sanawabwereke.

Amayi anzawo anali ndi dandaulo lina. Ankayembekezera kuti mkazi wachiwiriyo akhala hule wolanda mwamuna wa mwini, wa mankhwala m'chiuno, kuti amudane bwino. M'malo mwake anapeza munthu wanjala. Ankayembekezeranso kuti mkazi wa kunyumba akhala woyera mtima wopirira. Koma azakhali anamulemba mkaziyo akuchapa shati yonunkhira sopo wa khomo lina kwa zaka khumi ndi zinayi, ali chete, chifukwa ankakonda benchi ya kutsogolo imene amakhalapo akazi a akulu a mpingo. Nditawafunsa chifukwa chimene anadzilembera mwankhanza chotero, anati wosankha fodya amene amadumpha belo lake ndi wakuba ngati ena onse.

Achinyamata anajambula masamba pafoni, buku linafika mpaka kwa Mwase ndi m'maesiteti momwe. Kalata yoitanira azakhali ku bwalo la akulu a mpingo inabwera mwezi usanathe.

Linali Lachitatu masana, nyengo yothyola fodya, mpweya wonse ukununkha masamba aawisi. Ndinawaperekeza, ndipo anandilola kukhala pafupi ndi chitseko. Akulu analipo khumi ndi awiri, abusa ali pakati. A Jere anawerenga mlandu: kulemba zolaula, kunyozetsa dzina la mtumiki wa Mulungu amene sangadziyankhire, ndi kukhumudwitsa ofooka. Ananena kuti bwalo silikufuna zambiri. Achotse mutu wachinayi, alembenso mathero kuti munthuyo adzudzulidwe ndi kulapa, nkhani ithere pomwepo. Akakana, aimitsidwa pa mgonero.

Azakhali anamasula Baibulo lawo pa chitenje, nalitsegula pakati. Anafunsa ngati Baibulo la a Jere likadali ndi nkhani ya mfumu ija inaona mkazi wa msilikali wake akusamba, iyo ili padenga. Anafunsanso za mtsikana uja anachitidwa chipongwe ndi mlongo wake atamubweretsera chakudya, ndi za mpongozi uja anadziphimba nkhope n'kukhala m'mbali mwa njira. Anati akufuna adziwe tsiku limene bwalo linang'amba masamba amenewo, chifukwa m'lawo akadalimo.

A Jere ndi a kumpoto kwa boma lino, ndipo akapsa mtima Chitumbuka chimatulukira. "Yayi, amama. Amenewo ndi Mawu a Mulungu. Inu si mneneri."

"Zoona, si ine mneneri. Ndine wosankha fodya."

"Ndiye mverani. Mfumu mukunenayo sinasiyidwe choncho. Mneneri anapita kukaidzudzula pamaso, ndipo inalapa. N'chifukwa chake nkhaniyo ndi yoyera. M'buku mwanu mulibe wodzudzula. Tikungopempha chimenecho."

Azakhali anavula magalasi, nawayang'ana akuluwo mmodzimmodzi, mosafulumira.

"Mwanena bwino, a Jere. Kumeneko mneneri analipo. Kuno kunali akulu khumi ndi awiri, ndi ine wachikhumi ndi chitatu, ndipo tonse tinkadziwa kumene njinga ija inkagona. Ndiuzeni dzina la amene anapita kukawadzudzula a Yonamu. Cholembera ndili nacho pano. Ndimulemba lero lomwe."

Panja ngolo inadutsa, tinamva mpaka kulira kwa mateyala ake. Mkulu wina anayang'ana nsapato zake. Wina anayamba kufunafuna kanthu m'thumba la jekete. Abusa anatseka maso ngati akupemphera, ndipo mwina ankapempheradi. Palibe dzina linatchulidwa. Azakhali anadikira nthawi yaitali, cholembera chili m'manja, kenaka anachibweza m'chitenje.

Anawaimitsa tsiku lomwelo. Sindinena kuti akuluwo anali anthu oipa. Ena mwa iwo anandiphunzitsa kupemphera. Koma ndawerenga za anthu amene anatola miyala kenaka n'kuchoka mmodzimmodzi kuyambira akuluakulu, ndipo tsiku limenelo ndinaona anthu amene anachita manyazi omwewo koma miyala osaisiya.

Anthu amakumbukira aNambewe olimba, oyankha mokhadzula. Ine ndinawaona pa Loweruka loyamba lokonzekera mgonero ataimitsidwa. Ndinawapeza pa chigafa, kansalu koyera kali pamiyendo, khadi lili m'manja, misozi ikutsikira m'makwinya. Ndinagwada pambali pawo, ndinawapempha kuti angosintha tsamba limodzi lokha, aike munthu mmodzi wopeka wodzudzula, popeza nthano ndi nthano.

"Mwana wa achimwene," anatero, "mkate umenewo ndikaudya bwanji bodza lili m'kamwa?"

M'mawa mwake anasala chakudya monga mwa masiku onse, navala bwino, napita ku tchalitchi. Anadutsa benchi yawo ya kutsogolo osaiyang'ana. Kwathu oimitsidwa amakhala pa benchi yomalizira, pafupi ndi chitseko, pamene lata limadontha mvula ikagwa. Pa benchiyo panali kale munthu amene anakhalapo zaka zambiri osayandikira gome la Ambuye, chifukwa cha khomo limene ankasunga: mayi Felesiya. Azakhali anakhala pambali pawo.

Musaganize kuti anakumbatirana. Miyezi yoyamba ankasiya mpata pakati pawo wokwana munthu wina, moni wokha basi. Kenaka azakhali anazindikira kuti mnzawoyo amangotsegula pakamwa nyimbo ikamaimbidwa, chifukwa sadziwa kuwerenga ndipo buku la nyimbo alibe. Anayamba kumawanong'oneza mzere uliwonse usanaimbidwe, ndi kunong'ona kwawo kuja komveka mpaka kuguwa. Mpata unayamba kuchepa.

Tsiku lina mayi Felesiya anabwera pakhomo ndi mwana wawo wamkulu, amene anali atawawerengera buku lonse. Anakana mpando, nakhala pansi. Ananena kuti za chigafa ndi zoona, ngakhale mizati inali isanu ndi itatu osati khumi. Koma anati bukulo lanama pena.

"Mwalemba ngati zaka zonsezo ndinkangowerenga mizati, amayi. Poyamba inali njala, inde. Koma pambuyo pake ndinkawadikira Lolemba. Ndinkasesa kawiri. Atadwala mwana wachiwiri, anamubereka kumsana iwowo mpaka kuchipatala. Ndinawakonda bambo aja. Chimenecho mwachibisa pakati."

Azakhali anawathamangitsa ndi maso okha, ndipo sabata yonse sanalankhule ndi munthu. Anathyola nthambi za mtengo wa malalanje umene sunalakwe kanthu. Lolemba linalo ndinawapeza pa chigafa ndi kope latsopano. Anawonjezera mutu wina, wa mkazi wa tenanti akusesa kawiri, akumvetsera belu la njinga, ndi wa Chikuse akuyenda mtunda wautali mwana wodwala ali kumsana, akuimba nyimbo ya mumpingo. Anandiuza kuti mutu umenewo unawapweteka kulemba kuposa wachinayi, chifukwa chilombo ukhoza kuchida n'kugona tulo, koma munthu amene anachita choipa chotero n'kukhalanso ndi chifundo chotero umangomusiya m'manja mwa Woweruza.

Kumeneko ndiko kusintha kokha kumene anachita m'buku lawo. Akulu atamva kuti aNambewe asintha, anatuma munthu kudzatenga, akuganiza kuti agonja. Atawerenga, anati tsopano laipiratu.

Anakhala pa benchi ya kumbuyo zaka zitatu. Kenaka kunabwera abusa ena, amene anawerenga bukulo lonse asanamve za anthu. Anakambirana ndi bwalo kangapo, ndipo pomaliza anabwera okha pakhomo kudzanena kuti aNambewe abwerere ku gome, popanda kuchotsa tsamba ngakhale limodzi. Ndinalipo. Funso loyamba la azakhali linali la mayi Felesiya. Abusa anafotokoza kuti palibe choletsa tsopano, kungoti ayenera kulowa kalasi miyezi ingapo, popeza sanaphunzirepo. Azakhali anati ndiye adikira. Anati anadya pa gome limenelo zaka khumi ndi zinayi mnzawo ali ndi njala kumbuyo, iwo akudziwa chifukwa chake, ndipo sapitanso kutsogolo okha.

Ndinakangana nawo kwambiri pa chimenechi. Ndinawakumbutsa za msinkhu wawo ndi chifuwa chimene chinkawavuta chaka chimenecho. Anandiuza kuti Mwini gome amadziwa kuwerenga miyezi kuposa ine. Iwo eni ndi amene ankawaphunzitsa mayi Felesiya mayankho a kalasi pa chigafa paja, akuwakalipira akalakwitsa ngati mwana wa sitandade wani.

Anamwalira kutatsala masabata awiri kuti mgonero uchitike, fodya ali m'zigafa. Kansalu koyera tinakapeza pansi pa pilo, atakachapa kale ndi kukasita. Sindidandaula kuti anaphonya. Ndikhulupirira ndi mtima wonse kuti anaitanidwa ku gome lina, kumene mabelo onse amatsegulidwa pakati ndipo palibe amene amadabwa.

Pamaliro awo, a Jere, okalamba tsopano ndi oyenda ndi ndodo, anaimirira kuwerenga mbiri. Za buku sanatchule. Koma atafika pa ana, anaima pang'ono, napinda pepala limene achimwene anawalembera, nanena mokweza kuti malemu asiya ana asanu ndi awiri. Palibe anawauza kutero, ndipo akwaya sanayambitse nyimbo.

Chigafa chija chikugwa. Udzu wa padenga unayoyoka ndi mvula ya chaka chino, ndipo chitsa chimene ankakhalapo polemba chadyedwa ndi chiswe mbali imodzi. Makope asanu ndi awiri ali kwa ine, m'sutikesi.

Mayi Felesiya analandira mgonero wawo woyamba pa tsiku lija anakonzera awiri. Tsopano ali ndi ufulu wokhala paliponse m'tchalitchi, ndipo amayi awaitanira kutsogolo kangapo. Iwo amakhalabe pa benchi yomalizira, pafupi ndi chitseko, pamene lata likudonthabe. Kudzanja lawo lamanja thabwa linasalala, ndipo pamenepo amaikapo buku la nyimbo la azakhali, limene sangathe kuliwerenga, lotsegulidwa pakati. Lamulungu lapitali tchalitchi linadzaza chifukwa cha alendo obwera ku chiliza. Mayi wina wachilendo anafika mochedwa, naona mpatawo, nayamba kusuntha bukulo kuti akhale. Mayi Felesiya anaika dzanja pamwamba pake.

"Pepani, amayi," anatero. "Pali munthu."